Maswiti a amayi ndi funso lomwe likusautsabe asayansi

Pa tchuthi cha Disembala ndinkathandiza amayi kugulitsa mu okala yawo ku Chinsapo. Tsiku lina nditatsegula botolo la maswiti, ndinapeza onse atamatana, timapepala take tili noninoni. Ana anakana kugula. Amayi anangoti, "Mwanawe, dzinja likafika ndi momwemu," n'kutsitsa mtengo. Ine zinandiwawa, chifukwa phindu la m'botolo limenelo ndi lomwe ndimakwerera minibasi.

Nditamudandaulira mnzanga amene amaphunzira physics, anandiseka n'kunena kuti amayi amagulitsa magalasi. Ndinkayesa nthabwala, koma ayi. Shuga wosungunuka akazizira msanga, tizidutswa take totchedwa mamolekyulu sitipeza mpata wondanda bwino ngati mmene tilili mu shuga wa m'paketi. Timangouma pomwe tili, mosalongosoka. Galasi la pawindo limapangidwanso choncho kuchokera ku mchenga, soda ndi laimu.

Chodabwitsa ndi mmene kuumako kumachitikira. Madzi amasanduka ayezi pa 0°C mwadzidzidzi, koma zinthu zopanga galasi zimangonka zilemera ngati phala. Kutentha kukatsika pang'ono chabe, nthawi imene mamolekyulu amatenga kuti asinthane malo imatalika kwambiri. Ikafika pafupifupi masekondi 100, asayansi amati chinthucho chasanduka galasi. Kupanikiza nako kumachita zofanana pa zinthu zambiri zotere. Aliyense amene anakhalapo anayi pampando wa anthu atatu m'minibasi akudziwa kuti ukapanikizika, ngakhale kutulutsa ndalama m'thumba kumavuta.

Shuga wouma wotere amayamba kufewa kutentha kukapitirira 60°C. Koma shuga amakoka chinyezi, ndipo madzi akalowa pakati pa mamolekyulu amawapatsa mpata woyenda, moti kufewako kumayamba ngakhale pa kutentha kwa m'nyumba. Mukawonjezera denga la malata masana, switi yatha ntchito.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu 1995, Philip Anderson, yemwe anapata mphoto ya Nobel, analemba kuti chikhalidwe cha galasi chikhoza kukhala funso lozama kuposa onse osayankhidwa pa sayansi ya zinthu zolimba. Ku yunivesite ya Queensland ku Australia kuli phula limene anathira mu fanelo mu 1927, ndipo dontho lachisanu ndi chinayi linatsika mu 2014. Koma zoti mawindo a matchalitchi akale a ku Ulaya anayenderera n'kukhuthala kumunsi ndi nthano chabe. Edgar Zanotto wa ku Brazil anasonyeza mu 1998 kuti zimenezo zingafune nthawi yoposa zaka za chilengedwe chonse.

Chimene chikundivuta n'chakuti ku sekondale ndinathawa sayansi poganiza kuti ndi nkhani za kutali, za m'Chingerezi basi. Palibe anandiuzapo kuti zili mu okala ya kwathu. Amayi akhala akuona zimenezi dzinja lililonse ndipo amadziwa mwezi umene zimayamba. Chomwe ankasowa ndi chifukwa chake, ndipo ife ophunzira sitibwera nacho kunyumba m'chilankhulo chimene iwo angamve.

Ndinawafotokozera m'Chichewa. Tinagula botolo lotseka mwamphamvu, tinalichotsa pashelefu ya pafupi ndi denga, ndipo tsopano dzinja amaoda maswiti ochepa. Anandifunsa ngati zimenezi ndi zomwe ndikuphunzira kusukulu. Ndinayankha kuti ayi, ndipo ndinachita manyazi pang'ono.