Oyilo wa giyabokosi akasanduka yogati, musalize galimoto

Galimoto zambiri zomwe timaitanitsa ku Japan, zija zodzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndi za otomatiki. Zimakoma kuyendetsa, palibe zopondaponda klatchi pamzere wa galimoto m'mawa. Koma ndaona kuti eni ake ambiri, ngakhale aja osamala oyilo wa mu injini ngati mwana wakhanda, sadziwa n'komwe maonekedwe a oyilo wa mu giyabokosi. Amadzamuona tsiku lomwe galimoto yakana kunyamuka.

Oyilo ameneyu, yemwe pachigubu amalemba kuti ATF, akakhala wabwino amaoneka wofiira ngati Cherry Plum, ndipo ndi wombee. Akakalamba amada, akapsa amanunkha zopserera. Imeneyo ndi nkhani ina. Lero ndikunena za oyilo wotuwa, wapinki, wooneka ngati yogati wa sitiroberi kapena tiyi wochuluka mkaka, mwinanso wathovu. Ameneyo, awerengi, walowa madzi.

Mwina mukuti madzi pang'ono angaononge chiyani, popeza m'kati mwake n'zitsulo zokhazokha. Ayi, si zitsulo zokha. Muli timbale ta klatchi tomwe pamwamba pake adamatapo chinthu chonga pepala lokhuthala. Pepalalo limamwa madzi, guluu wake amasungunuka, kenako limayamba kusupuka. Zinyenyeswa zake zimakatseka tinjira ting'onoting'ono momwe oyilo amadutsa posintha magiya, kwinaku dzimbiri likugwira zitsulo. Ndiye mumangomva galimoto ikuchedwa kulowa giya, ikunjenjemera ponyamuka, kapena injini ikulira kwambiri koma liwiro osaoneka.

Madziwa ali ndi makomo awiri, ndipo kudziwa khomo lomwe alowera ndiye nkhani yonse.

Loyamba ndi kuoloka madzi akuya. Pamwamba pa giyabokosi pali kabowo kopumira. Giyabokosi yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo kabowoko kamayamwa chilichonse chili pafupi, madzi ndi matope omwe. Galimoto zomwe zidamira pa namondwe wa Ana mu 2022 kapena wa Freddy mu 2023 n'zofunika kuziunika pamenepa, komatu ngakhale chithaphwi cha m'tauni chofika pakati pa chitseko n'chokwanira.

Khomo lachiwiri ndi lomwe limapusitsa anthu, chifukwa limatseguka ngakhale mu Okutobala, kunja kuli gwa. M'galimoto zambiri za otomatiki oyilo wa giyabokosi amakazizirira m'kapaipi komwe kali m'kati mwa rediyeta. Kapaipiko kakabooka ndi dzimbiri, zinthu ziwirizi zimakumana. Injini ikamalira, oyilo ndi amene amakhala ndi mphamvu, ndiye amalowa m'madzi a rediyeta. Mukathimitsa, mphamvu ya oyilo imatha pomwepo pamene rediyeta ikadali yotentha ndi yofufuma, ndiye madzi amakankhikira ku giyabokosi. Si vuto la galimoto zakutha zokha ayi. Ku America eni Nissan Pathfinder, Frontier ndi Xterra za zaka za 2005 mpaka 2010 adadandaula nalo kwambiri, mpaka kampaniyo idatalikitsa waranti ya rediyeta.

Mlamu wanga zidamuonekera ndi Corolla yake. Pagalaja ina adamusinthira oyilo kawiri m'mwezi umodzi, ulendo uliwonse ndalama zikutuluka, ndipo pakatha masiku ochepa yogati uja amabwerera. Palibe adamufunsa ngati adaolokapo mtsinje. Atandiuza, ndidangofunsa kuti, "Alamu, madzi a mu rediyeta mumathira kangati?" Akuti sabata iliyonse, chonsecho pansi sipamadontha kanthu. Madziwo amapita kuti nanga? Makaniko wothamangira kutsegula chigubu chatsopano asanafufuze khomo, ine ndimamukayikira.

Kufufuzako sikulira makina. Musalize injini. Sololani dipstick ya giyabokosi, osati ya injini, n'kupukutira papepala loyera kunja kukuwala. Koma dziwani kuti madzi amalemera kuposa oyilo, choncho galimoto ikagona masiku angapo amakhazikika pansi, dipstick n'kumaoneka yabwinobwino. Pamenepo auzeni amakaniko amasule pang'ono boti ya pansi pa giyabokosi, atapire m'botolo loonekera. Ngati muli madzi, ndiwo amayamba kutuluka, kapena mudzawapeza atakhala pansi pa botolo m'mawa mwake.

Mukakayikabe, tenthetsani kachitsulo kapena chivundikiro cha poto wakutha, kutentha koti dontho la madzi lithetheke koma chisafiire, ndipo muchitire panja. Dontherezanipo oyiloyo. Wabwino amangoyenderera n'kufuka pang'ono. Wamadzi amathetheka monga muja achitira mafuta okazingira mandasi mukagwetseramo dontho, chifukwa madzi amawira pa madigiri 100 pamene oyilo sanayambe n'komwe.

Kenako, injini itazizira ndithu, tsegulani chitsekero cha rediyeta. Mukaona mafuta ofiirira akuyandama, kapena phala lapinki litamata kunsi kwa chitsekerocho, khomo lapezeka. Rediyeta isinthidwe kaye, oyilo pambuyo. Mukapeza madzi a mu rediyeta ali oyera ndiponso osatsika, kumbukirani komwe mudadutsa mvula itagwa.

Galimoto yotere muikoke kapena muinyamule, musaiyendetse ati kungofika nayo kugalaja, pakuti kilomita iliyonse ikupopera madziwo ku timbale tija. Musavomerenso zongokhetsa kamodzi. Giyabokosi ya galimoto yaing'ono imasunga malita 6 mpaka 8, koma pomasula boti amatuluka ndi atatu kapena anayi basi, otsalawo amabisala mu torque converter ndi m'mapaipi. Pamafunika kutsuka kangapo ndi kusintha sefa. Ngakhale mutatero, ngati madzi adakhalitsamo, timbale tija tingadzasupuke patapita miyezi, ndiye makaniko wokuuziranitu zimenezi musamuone ngati wofuna kukudyerani.

Eni timagalimoto tatsopanoko ta CVT, ambiri mupeza kuti dipstick mulibe, ndipo oyilo wake si wofiira nthawi zonse. Wa Nissan NS-2 ndi wobiriwira. Musayembekeze pinki pamenepo. Chizindikiro chake ndi kutuwa konga mkaka, ndipo kuti mukuone pafunika kukweza galimoto n'kutapa m'botolo muja.