Tsiku limene ndinaima pamzere wosiyana ndi amuna anga

Mayi wina wachitsikana wa pa Mangochi Turn-off wandilembera kalata yodandaula. Akuti chichitikireni zisankho zachipulula za 2025 m'nyumba mwake mulibe mtendere, chifukwa anakana kuikira kumbuyo munthu amene amuna ake ndi apongozi ake ankamufuna. Mwananga, pukuta misozi. Zimenezi zinandionekerapo ine ndemwe, ndipo lero ndikuyankha pofotokoza nkhani yanga.

Chaka china cha masankho, ine ndi bambo akunyumba tonse tinali m'komiti ya eriya ya chipani china kuno ku Liwonde. Ofuna kuimira chipanicho pa mpando wa phungu analipo awiri. Woyamba anali bwana wa magalimoto ake, amene akuluakulu ochokera ku likulu la chipani anamukweza dzanja pamsonkhano n'kunena kuti uyu ndiye wathu. Wachiwiri anali mtsikana amene kale anali mphunzitsi. Iyeyu ankayenda pa kabaza khomo ndi khomo, kukamba za mijigo yakufa, za atsikana osiyira sukulu panjira, ndi zoti ndalama za CDF zizilengezedwa poyera kuti aliyense adziwe mmene zayendera.

Malume anga, amene ndi mwinimbumba wathu, anabwera dala kudzandiuza kuti, "Mwananga, akuluakulu anena kale. Iwe ndiwe ndani kuti utsutse?" Ine ndinangoti, "Ndamva, malume." Koma mumtima ndinkakumbukira amayi anzanga amene ankatunga madzi mu Shire, momwe muli ng'ona, mjigo wathu utafa miyezi ingapo. Amene anabwera kudzauona mjigowo anali mtsikana uja.

Inu amene simunaonepo mapulaimale, dziwani kuti nthawi zambiri kulibe kachipinda kobisalamo. Opikisana amaima kutsogolo, ovota n'kundandalika kumbuyo kwa amene akumufuna, owerenga n'kumadutsa akugwira mapewa. Aliyense amakuona, kuyambira amfumu mpaka amene unakongola ndalama zake. Tsikulo dzuwa likuswa mtengo, bambo analunjika kumzere wa bwana uja akuganiza kuti ndili m'mbuyo mwawo. Atacheuka anandipeza ndili kumzere winawo. Anzawo anaseka, wina n'kufuula kuti, "Achimwene, kunyumba kwanu akulamula ndani?"

Mtsikana uja anagonja. Kunyumba tinakhala masiku atatu nsima ikudyedwa mwakachetechete, ndipo tinangotsala pang'ono kuitana ankhoswe. Usiku wachinayi bambo anati, "Mayi mwana, voti ndi yanu, sindikukana. Koma bwanji simunandiuze?" Apa m'pamene ndinamva kuti anthu a bwana uja anawalonjeza kudzagula njerwa zawo, ndipo iwo ankawerengera ndalamazo pa fizi ya mwana wathu wa ku sekondale. Ine sindinawafunse chimene chinawaika pamzere umenewo, iwonso sanandifunse. Posankha sindinalakwe, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Ndinalakwa powadzidzimutsa pagulu. Njerwazo sizinagulidwe, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti kuikira munthu kumbuyo kuli ngati kumubwereka dzina lako. Akakachita zabwino, ulemu ndi wako; akakasowa zaka zisanu, anthu amaloza iwe. N'chifukwa chake mawu a akuluakulu a chipani, a amfumu kapena a malume ndi oyenera kuwamvera, koma asalowe m'malo mwa maso ako. Ovota a dziko lino anaonetsa kale zimenezi. Pa chisankho cha pa 21 May 2019, mwa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo, 55 inapita kwa oima paokha, ndipo ena mwa iwo anali anthu amene zipani zawo zinawakana pa mapulaimale. Chaka chomwecho a Atupele Muluzi anataya mpando wa Machinga North East umene anakhalapo kuyambira 2004, ndipo malemu Lucius Banda anataya wa Balaka North. Ngati maina akuluakulu ngati amenewa angathe kugonja, ndiye kuti dzanja lokwezedwa pamsonkhano si mapeto a nkhani.

Sindikunena kuti aliyense watsopano ndi wabwino ayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wachinyamata kapena wamayi amene akuti abweretsa kusintha, mufunseni: wachitapo chiyani m'mudzi muno asanafune mpando? Ndalama za kampeni akuzitenga kuti? Akakupatsani kenakake m'manja, kumbukirani kuti lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti.

Kwa inu amene mwangolowa kumene m'banja, malangizo anga ndi awa. Kambiranani kuchipinda tsiku lisanafike, aliyense anene amene akumufuna ndi chifukwa chake. Mukasiyana maganizo, gwirizanani kuti mupita limodzi ndipo mubwerera limodzi. Abambo, mkazi akaima mzere wina sanakuchotseni ulemu. Mnzanu amene akukusekani sadzakuphikirani phala mukadwala. Amayi, musachite ngati ine. Nenani maganizo anu mwaulemu kunyumba, osati kukaonetsera pabwalo.

Nanu makolo ndi apongozi, mwana akakwanitsa zaka 18 lamulo limamupatsa voti yakeyake, ndipo akafika 21 angathe kuimanso pa uphungu. Mulangizeni, muuzeni zimene mukudziwa za opikisanawo, kenaka musiyeni. Musaopseze mkamwini kuti mumulanda munda chifukwa cha munthu amene mwina dzina lanu salidziwa n'komwe.

Kwa iwe mwananga wa pa Turn-off, usadikire 2030 kuti nkhaniyi ithe yokha. Usiku uno ana akagona, afunse amuna ako chimene ankayembekezera kwa munthu wawo uja, ndipo umvetsere mpaka amalize. Ukatero nawenso unene zako. Ife tinapita limodzi kukavota pa 16 September 2025, ndipo pobwerera tinagula chambo pa Baraji. Mpaka lero bambo sanandifunse kuti ndinachonga ndani.