Mtengo wa Purosesa

Ife amene timaphunzira za zilankhulo tili ndi chizolowezi chomwe anzathu a masamu amatiseka nacho: tikaona liwu timafuna kulisenda ngati chinangwa kuti tione tsinde lake ndi aphatikiri ake. Chizolowezichi chimagwiranso ntchito kunja kwa kalasi. Dzina loti i7-3632QM nalonso ndi liwu ndithu, ndipo limasendeka. Nambala 3 yomwe ili patsogolo pa manambala anayiwo ikunena za m'badwo wachitatu wa mapurosesa a Intel Core, omwe adatuluka mu 2012. Chilembo Q chikunena kuti mkati mwake muli ma core anayi, kapena kuti antchito anayi ogawana ntchito imodzi. M ndiye akuti n'cha mulaputopu. Ukaphonya chilembo chimodzi, wagula chinthu china.

Laputopu yanga ndi ThinkPad T430, ya mu 2012 momwemo. Adandipatsa ndi amalume, omwe nawonso adaigula kwa munthu wina. Idabwera ndi purosesa ya i5-3320M, ya ma core awiri, ndipo polemba zimangirizo siyidandivutitsepo. Mavuto adayamba ndi kafukufuku wanga wa kukwera ndi kutsika kwa mawu m'Chichewa. Patchuthi ndidajambula pafoni agogo atatu a kumudzi kwathu ku Dedza akusimba nthano. Praat, pulogalamu yomwe Paul Boersma ndi David Weenink adapanga ku Amsterdam, inkayeza mawuwo popanda chovuta. Koma ndikatsegula kanema mu ELAN kuti ndizilemba zomwe akunena motsatira milomo ndi manja awo, chithunzi chinkadukizadukiza. Foni idasunga makanemawo mu HEVC, pomwe mapurosesa a m'badwo wachitatu alibe chigawo chapadera chomasulira mtundu umenewu. Katundu yense amagwera ma core awiri aja. Kusintha kanema mmodzi kuti akhale wopepuka kunkadya madzulo onse, ndipo magetsi akazima pakati, ntchito inkayambiranso pachiyambi.

Za laputopu yatsopano sindidaziganizire n'komwe. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zotere timangozionera pagalasi. Ndalama zomwe ndidali nazo zidachokera ku soya yemwe amayi adagulitsa, ndipo adandiuza mosapita m'mbali kuti thumba lina lotsala ndi la fizi ya mng'ono wanga. Anzanga ankati ndiyambe ndaika SSD. Ankanena zoona, ndipo aliyense amene laputopu yake ikuchedwa ayambire pamenepo, koma ine SSD ndidali nayo kale.

Mwayi wanga udali woti T430 ndi ya nthawi yomwe purosesa inkakhala pa soketi, yomangidwa ndi sikuluwu imodzi. Soketi yake ndi G2, ya timabowo 988. M'badwo wachinayi, wa mu 2013, ndiwo udali womaliza kukhala ndi mapurosesa a laputopu ochotseka chonchi. Kuchokera apo amawotchereredwa pa bolodi, kotero mwini laputopu ya masiku ano amakhala ndi purosesa yomwe adaipeza mpaka makinawo atafa. Amati n'cholinga choti laputopu ikhale yopyapyala. Kaya, koma ine sindidamvepo wophunzira akudandaula kuti laputopu yake yanenepa.

Mmisiri wina wokonza makompyuta m'tauni, bambo wachikulire wokhala ndi katoni yodzaza ndi mitembo ya malaputopu pansi pa tebulo, adandiyalira mapurosesa awiri. Yoyamba idali i7-3520M. Dzina lake n'lokopa, pakuti aliyense amadziwa kuti 7 amaposa 5. Koma Q palibe. Ma core ake ndi awiri omwewo, ndipo imangothamanga pa 2.9 GHz pomwe yanga imathamanga pa 2.6. Chikomekome cha nkhuyu. Yachiwiri idali i7-3720QM, ya ma core anayi, yamphamvu zedi.

"Tengani iyi, achemwali, simudzabweranso kuno," adatero bambowo.

"Nanga kutentha, bambo? Iyi si ya mawati 45?"

Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, kenaka n'kuseka. "Inu mwabwera mutawerenga."

Nkhani ya mawati ndiyo idandisowetsa tulo kuposa zonse. Purosesa yanga yakale ndi ya mawati 35, ndipo fani ndi kachitsulo kochotsa kutentha mu laputopu yanga n'zoyenera muyeso umenewo. Ukaikamo ya 45 imalowa bwinobwino, imayakanso. Koma ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ndiye kuti walipira mphamvu yomwe sudzaiona, makamaka mu Okutobala m'chipinda cha hositelo chogona anthu anayi, laputopu ili pabulangete. Imamwanso batire msanga. Ya ma core anayi koma ya mawati 35 yomwe ndinkafuna idali 3632QM ija. Liwiro lake loyambira ndi 2.2 GHz, lochepera la purosesa yanga yakale, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi adati ndapenga kugula nambala yaing'ono ndi ndalama zambiri. Ndidamufunsa kuti munda ungathe msanga ndi alimi awiri amphamvu kapena anayi amphamvu pang'ono. Adati zimatengera munda. Yankho lakelo lidali lanzeru kuposa mmene ankaganizira, chifukwa pali mapulogalamu ena omwe sadziwa kugawa ntchito. Yosintha makanema imadziwa.

Bambo aja adati andifunira kwa mnzawo, ndipo padapita masabata atatu. Itabwera ndidapempha kuiona ndisadatulutse ndalama. Ndidawerenga timalemba ta pamwamba pake, SR0V0, tomwe timasonyeza kuti ndi ya pa soketi, popeza dzina lomweli lilinso ndi mtundu wowotcherera. Ndidaitembenuza n'kuyang'ana timiyendo take pa kuwala kwa pawindo, mzere ndi mzere, kuti ndione ngati palibe kopindika.

Pa mtengo tidakanganapo ndithu. Pano ndiyenera kunena kuti liwu limeneli lili pa tsamba loyamba la kafukufuku wanga: ukakweza mawu pakati ndi mtengo wa m'nkhalango, ukawatsitsa ndi mtengo wa pamsika. Bambowo adaukweza, ine ndidautsitsa, mpaka tidagwirizana kuti ndiwasiyire purosesa yakale ija n'kuwonjezerapo ndalama. Tidagwirizananso kuti aiike ine ndikuona, ndipo ndilipira ikayaka. Adapukuta phala lakale louma, n'kulunjikitsa kachizindikiro ka pangodya ndi ka pa soketi, n'kutembenuza sikuluwu ija theka. Adapaka phala latsopano kadontho ngati kambewu ka mpunga. Laputopu idakhala chete kwa kanthawi komwe kwa ine kadali ngati chaka, kenaka dzina la ThinkPad lidaoneka.

Windows 11 salandira mapurosesa a m'badwo umenewu, ndipo Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Izi ndinkazidziwa ndisadagule, n'chifukwa chake ndidaikamo Linux Mint, momwe Praat ndi ELAN zimayenda bwino lomwe. Kanema yemwe ankadya madzulo onse tsopano amatha ndikamachokera kukadya mgonero. Fani imalira kwambiri kuposa kale, kotero pomvetsera agogo aja ndimavala mahedifoni. Mwa nthano 14 zomwe ndidajambula, ndalemba 9.