Ku Misuku, Kwawo kwa Khofi

Amayi anzanga, munthu akachoka ku Karonga kulunjika ku Chitipa, amafika pa Kapoka pamene msewu wina umapatuka ndi kuyamba kukwera mapiri. Msewu umenewu ndi wokhotakhota zedi, koma amene wapirira amakafika ku Misuku, dera lozizira la Asukwa ndi Andali, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Tanzania. Pamwamba pa mapiriwo pali nkhalango zowirira za Mughese, Wilindi ndi Matipa, ndipo mmawa nkhungu imakuta zigwa mpaka dzuwa litakwera. Mmunsi mwa nkhalangozo, pa malo otsetsereka, ndi pamene pali minda ya khofi, timitengo ta masamba onyezimira tobisala mu mthunzi wa nthochi.

Ife a bungwe la amayi tinafikako mwezi wa Julaye, nyengo yothyola ili mkati. Mlimi wa khofi sakolola monga tichitira ndi chimanga. Amasankha zipatso zofiira zokhazokha, chimodzichimodzi, ndi kusiya zosapsa kuti adzazibwererenso tsiku lina. Tsiku lomwelo zipatsozo amazisenza kunka nazo ku makina ochotsa makoko, ndipo njere zake, zimene zimakhala ziwiri m'chipatso chimodzi, amazivundika kuti kuterera kuchoke. Akatero amazitsuka ndi kuziyanika pa mathandala masiku ambiri, akuzitembenuza ndi kuchotsa zoipa. Yambiri mwa ntchito imeneyi tinaiona ili m'manja mwa amayi. Kumbukiraninso kuti mtengo wa khofi umatenga zaka ngati zitatu usanayambe kubala. Khofi wa alimiwa, pamodzi ndi wa ku Phoka, Viphya ndi madera ena, ndiye tiona m'masitolo ndi dzina la Mzuzu Coffee.

Khofi sanayambe dzulo m'dziko muno. Anafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo anali mbewu yaikulu ya malonda ku Mwera tiyi asanafale ku Mulanje ndi Thyolo. Koma m'makomo mwathu tiyi ndiye anakhazikika, ndipo ambiri a ife tikapeza khofi timamuphika monga tiyi wa masamba, kumubwatitsa pa moto kufikira atada bii. Tsono thukuta la chaka chathunthu limaonongeka mu mphindi zowerengeka, pakuti khofi akabwata fungo lake limathawa ndi nthunzi, m'kapu mutsala kuwawa kokha. Pamenepo mayi athira shuga wambiri pofuna kubisa kuwawako, ndalama zatayika kawiri.

Njira yachiwiri ndi ya khofi wa m'chitini, wosungunuka m'madzi. Imeneyi ndi yachangu, ndipo imathandiza pa tsiku lotanganidwa. Koma khofi ameneyo anaphikidwa kale ku fakitale ndi kuumitsidwa, motero sangafanane ndi amene wangosinjidwa kumene.

Njira yachitatu, imene ndiona kuti iposa zonse pa banja la m'tauni ngakhale la kumudzi, ndiyo yonyika. Siifuna magetsi kapena makina ayi. Wiritsani madzi oyera m'ketulo kapena m'poto wosanunkha ndiwo. Akabwata aphuleni, adikire kamphindi kuti ukali wake utsike. Ikani khofi wosinja m'tipoti, supuni yaikulu imodzi yodzaza pa kapu iliyonse, thirani madziwo, takasani kamodzi ndi kuvundikira. Dikirani mphindi zinayi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pake sefani ndi kansalu koyera kosungira ntchito yomweyi, kuti nsenga zisagwere m'kapu. Mkaka muuwiritse paokha, ndipo mulawe kaye musanathire shuga, chifukwa mudzapeza kuti wochepa akwanira.

Inu amene mungapeze njere zosakazinga, monga anzathu a ku Misuku, muli ndi mwayi woposa. Ngati zikadali ndi kakhungu kouma, zisinjeni pang'onopang'ono ndi kuzipeta m'lichero. Kazingani zochepa m'chiwaya pa makala osayaka kwambiri, mukutakasa osaleka monga muchitira ndi mtedza. Mudzamva zikuthetheka, ndipo zikafiira moderako, zisanade ngati makala, zikhuthulireni m'lichero kuti zizizire msanga. Mtondo wake ukhale wosasinjiramo tsabola kapena nsinjiro, pakuti khofi amakoka fungo la chilichonse. Musamusalaze ngati ufa woyera, koma akhale wa timibulu ngati shuga. Wosalala kwambiri amawawa ndi kudutsa m'kansalu, pamene wa mibulu ikuluikulu amatuluka madzimadzi. Sinjani wa masiku ochepa okha, ndipo wotsalayo musunge m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi dzuwa, sopo ndi palafini.

Pali chenjezo limodzi. Khofi amachotsa tulo, choncho ndi bwino kumwa mmawa kapena masana. Ana aang'ono asapatsidwe, ndipo mayi woyembekezera achepetse ndithu.

Si tonse amene tidzakwera mapiri a Misuku ndi kuona zipatso zofiira zikulendewera m'nkhungu, koma aliyense wa ife angathe kulemekeza ntchito ya amayi a kumeneko pa mafuwa ake. Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lanu, sonkhani ndalama mugule paketi imodzi, muphike theka mobwatitsa, theka monyika, ndipo aliyense alawe yekha. Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka. Akafika pakhomo panu, mlandireni ndi khofi wolimidwa m'dziko lathu lomwe lino, wophikidwa mofatsa ndi manja anu.