Kudikira chimbale chatsopano kuno kumapiri

Pepani kuti ndakhala duu masabata angapo. Mayeso a kumapeto kwa teremu anandipanikiza, komanso kuno ku Dedza kukazizira zala zimakana ngakhale kugwira choko. Lero ndati ndikugawireniko nkhani ya kudikira nyimbo zatsopano, ndipo amene waiyambitsa ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3.

Lolemba lapitali anandipeza ndikuchonga mapepala. "Adadi, mundigaireko ya bandulo. Lachisanu usiku ikutuluka." Ndinafunsa kuti ikutuluka chiyani, mwezi kapena? Iye n'kuseka. Akuti mmodzi wa oimba achinyamata amene amawakonda waponya kachidutswa ka nyimbo pa TikTok, kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo yonse ituluka Lachisanu. Ine ndinayamba kumunyogodola. Ndinati ana a masiku ano simudziwa kudikira, masiku anayi okha mwayamba kale kubuula. Ndinamuuza mmene ife tinkadikirira.

Ndinakulira kumudzi chakufupi ndi Bembeke. Achimwene anga aakulu ankagwira ntchito ku Lilongwe ndipo ankabwera mwezi ukatha, atanyamula shuga, sopo ndi kaseti imodzi m'thumba la jekete. Ife shuga sitinkamuwerengera. Maso athu ankakhala pa thumba la jeketelo. Nthawi imeneyo nyimbo za ku Balaka zinali zitagwira dziko lonse: Alleluya Band ya a Paul Banda, kenaka mng'ono wawo Lucius Banda ndi zimbale zake monga Son of a Poor Man, Down Babylon ndi Cease Fire. Nyimbo imodzi ikamveka pa wailesi ya MBC, tinkadziwa kuti kaseti ili m'njira, koma kuti ichoke kwa O.G. Issa ndi kudzafika pakhomo pathu pankatha mwezi, mwina iwiri.

Ikafika, vuto linkakhala mabatire. Wailesi yathu inkadya mabatire asanu ndi limodzi, ndipo akafooka mawu a Soja ankayamba kukoka ngati munthu woledzera. Anthu a madera otentha ankawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu pang'ono. Nanga ife, mu Juni, nkhungu itaphimba phiri mpaka masana, dzuwalo tikanalitenga kuti? Choncho kubweza tepi ndi wailesi kunali koletsedwa. Tinkalowetsa bolopeni pabowo la kaseti n'kumazunguza ndi dzanja. Tinkamvera mbali yoyamba yonse, kenaka yachiwiri, titazinga moto, mbatata ya kachewere ili paphulusa. Panalibe zodumpha nyimbo. Imene sunaikonde lero unkaikonda sabata yamawa.

Kenaka kunabwera Evison Matafale wa ku Chileka ndi Kuimba 1, posakhalitsa Kuimba 2. Achimwene anatembenuka kukhala munthu wa Black Missionaries. Matafale atamwalira m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, tonse tinati basi, nambala yathera pa 2. Koma Musamude Fumulani ndi abale ake anapitiriza, Kuimba 3 inatuluka, ndipo achimwene anabwera nayo m'thumba lomwe lija, ngakhale kuti jekete inali itayamba kuwakulira. Anatisiya mu 2004. Nditayamba kulandira malipiro a uphunzitsi, ndinalowa m'malo mwawo. Kuimba aliyense akatuluka ndinkagula, n'kupita naye kumudzi kukawaseweretsera amayi. Amayi za rege sankazidziwa, koma ankati ikalira wailesiyo amamva ngati mwana wawo wafika.

Kudikira kumene sindidzaiwala ndi kwa Lucius atatuluka ku ndende ya Zomba mu 2006. M'chipinda cha aphunzitsi tinkatsutsana tsiku ndi tsiku. Ena ankati munthuyu wachita mantha, aimba zachikondi zokhazokha. Ena tinkati dikirani muone. Chimbale chitatuluka, dzina lake lokha, Cell 51 Maximum, linathetsa mkangano. Kwa ife chimbale chinali ngati kalata imene woimba walembera dziko, ndipo tinkaidikira kuti timve maganizo ake pa zimene tonse tikudutsamo.

Zonsezi ndinamufotokozera mwana wanga monyadira. Iye anamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa funso limodzi: "Nanga adadi, chimbale chomaliza chimene munagula ndi ndalama zanu ndi chiti?"

Abale, ndinasowa chonena. Zoona zake n'zakuti cha m'ma 2010 ndinasiya kugula. Pa Boma panabwera anyamata a makompyuta obena nyimbo. Unkangopereka memori khadi ndi kandalama kochepa, n'kukuthirira nyimbo mazana. Ndinkadziwa kuti woimba sapezapo kanthu. Ndinkadziwa kuti kaseti ndi CD zenizeni zinkakhala ndi kachizindikiro ka COSOMA. Ine yemweyo amene ndimalanga ana obera mayeso ndinkaima pamzere kwa anyamata aja. Time, Thank You, Crimes, mpaka Love and Hate, chimbale cha nambala 20 cha Soja, zonsezi ndinazimvera ulele. Mumtima ndinkati ndidzagula chotsatira.

Chotsatiracho sichinabwere. Lamulungu, pa 30 Juni 2024, tisanapukute misozi ya ngozi ya ndege imene inapha Wachiwiri kwa Pulezidenti a Saulos Chilima ndi anzawo, tinamva kuti Lucius Banda wamwalira kuchipatala ku South Africa. Usiku umenewo ndinatsitsa katoni ya makaseti pamwamba pa kabati. A achimwene anali mmenemo, ena atalembedwa dzina lawo ndi bolopeni. Anga anali kuthera pamene ndinayambira kubena. Munthu amene anandiimbira kuchokera ndili Fomu 1 ndinamudyera thukuta lake zaka zoposa khumi, ndipo tsopano palibe koti n'kukabweza.

Mwana uja sanandisiyire pomwepo. Anati, "Inu mumanyoza TikTok, koma agogo Giddes Chalamanda anamveka dziko lonse lapansi chifukwa cha yomweyo." Apanso ananena zoona. Nyimbo ya Linny Hoo, imene anaimba pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa mafoni mpaka kumayiko kumene sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ali kuti, mkuluyo ali ndi zaka zoposa 90. Zimene kaseti inalephera kumuchitira pa moyo wake wonse, foni inamuchitira.

Ndiye Lachisanu ndinagula bandulo. Kwathu netiweki imagwira bwino ukaima pachulu cha kuseri kwa nyumba, choncho tinavala majuzi awiriawiri n'kukaima pamenepo, mphepo ya m'phiri ikulowa mpaka m'mafupa. Nthawi inakwana, nyimbo osaoneka. Iye anali kungogwedeza mwendo, kudina foni, kudinanso. Ndinamuyang'ana nkhope ndi kuwala kwa foniyo ndipo ndinadziona ndekha ndili pamsewu wa ku Bembeke, kusuzumira basi iliyonse ngati mutsike munthu wa jekete. Masiku ake anali anayi, anga anali miyezi, koma kugunda kwa mtima n'komweko.

Nyimboyo itafika tinaimvera katatu, aliyense kachingwe kamodzi kukhutu. Sindinama, koyamba sindinaimvetse. Kachitatu ndinapezeka ndikugwedeza mutu. Lolemba lake theka la kalasi langa linali litailoweza kale, ana omwewo amene amati ndakatulo ya ndime zitatu ndi yaitali.

Chimene ndikudandaulabe n'chakuti nyimbo imodziimodzi sizikhalitsa. Ikatuluka lero, sabata ziwiri kwabwera ina. N'chifukwa chake ndinasangalala Driemo atatulutsa chimbale chathunthu cha Mzaliwa mu 2023. Ndinati kani achinyamatawa akudziwabe kuti pali nkhani zina zosatheka kuzinena m'mphindi zitatu. Eli Njuchi, Onesimus ndi anzanu, tipatseni zimbale ndithu, tili tcheru.

Tagwirizana zinthu ziwiri ndi mwana wanga. Choyamba, Ma Blacks akadzalengeza Kuimba wotsatira, iye adzakhala nane pansi n'kumvera chimbale chonse osadumpha nyimbo, monga tinkachitira ndi atate ake aakulu amene sanawaone. Chachiwiri, woimba wake uja akadzabwera kudzaimba pa Boma kapena ku Lilongwe masana, tidzapita tonse ndipo ndidzalipira pakhomo matikiti awiri, chifukwa masiku ano oimba ambiri amadyera pamenepo. Kwa anyamata a makompyuta aja sindidzapondakonso.

Ndalama ya matikitiyo ndayamba kale kusunga, mu katoni yomwe ija ya makaseti. Tionananso ndikamaliza kuchonga.