Kuvuta kuli ndi mitundu yake

Funsani wophunzira wa Fomu 4 tanthauzo la *difficult*, akuyankhani msanga kuti "chovuta". Mufunseninso za *hard*, *tough*, *demanding*, *arduous* ndi *challenging*, yankho likhala lomwelo. Ambirife tidaphunzira Chingerezi motero: mawu asanu ndi limodzi, tanthauzo limodzi, kenaka polemba chimangirizo n'kumasankha lalitali kwambiri kuti wochonga mayeso agome. Ine ndikuona kuti pamenepa timataya chinthu chachikulu, ndipo kutayako sikuthera m'chipinda cha mayeso.

Liwu lililonse mwa amenewa limaloza pamene pagona vuto. *Hard* ndi *tough* ndi mawu akalekale a Angerezi wamba. Loyambalo limanena za kulimba ngati mwala, lachiwirilo za chinthu chosaduka msanga, ngati nyama ya tambala wokalamba. Enawo gwero lake ndi Chilatini, ndipo ena adadzera m'Chifalansa, chimene chidasefukira m'Chingerezi William wa ku Normandy atalanda England mu 1066. *Arduous* lidachokera ku liwu lotanthauza malo okwera, chitunda. *Demanding* limanena za ntchito imene imangokuitanitsa nthawi ndi mphamvu osakhuta. *Challenge* ndiye lili ndi mbiri yodabwitsa: kholo lake m'Chilatini linkatanthauza kunamizira munthu mlandu, kenaka lidayamba kutanthauza kuputa mnzako kuti mupimane mphamvu. N'chifukwa chake mpaka lero limanunkhira mpikisano, chinthu chimene walowamo mwakufuna kwako ndipo ukhoza kupambana.

Kwathu ku Mayani kusiyana kumeneku sikufuna buku. Kugalauza dothi mu Okutobala mvula isanagwe, khasu likungonjanja, ndiye *hard*. Kukankha njinga yonyamula thumba la mbatatesi pa chitunda cha m'mapiri a Dedza ndiye *arduous*. Kudwazika agogo miyezi itatu ndi *demanding*: kuphika phala, kuchapa ndi kuwatembenuza usiku, palibe chimene chingakukanike pachokha, koma ulibe tsiku lopuma. Funso la masamu limene walisinkhasinkha usiku wonse ndiye *difficult*.

Chichewa nacho sichinagone pamenepa. Dothi limauma, katundu amalemera, ulendo umatopetsa, funso limathetsa nzeru, mlandu umaimitsa mutu, mwana amasautsa, njala imaluma, maliro amawawa. Amayi anga sanapite patali ndi sukulu, koma sindinawamvepo akusokoneza mawu amenewa. Akati "chaka chino zavuta" ndimadziwa kuti tilimbana nazo. Akati "chaka chino zawawa" ndimadziwa kuti pali chimene chatayika ndipo sichibwerera. Tsono vuto si umphawi wa chilankhulo chathu. Vuto ndi mlatho umene tidamanga pakati pa zilankhulo ziwirizi, wopapatiza kwambiri moti umangodutsa liwu limodzi, "kuvuta", ena onse n'kutsala tsidya.

Wina anena kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta. Ayi. M'dziko muno Chingerezi ndi chipata. Ukalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE supata ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwanji, ndipo kuti ulowe yunivesite ya boma umafunika makirediti asanu ndi imodzi, ya Chingerezi ili pomwepo. Chichewa chidalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, koma malamulo, malipoti ndi makalata opempha thandizo zimalembedwabe m'Chingerezi. Ndiye kuti mavuto a mayi wa m'mudzi amafika pa tebulo la ogawa ndalama atavala mawu amene wasankha munthu wophunzira. Munthu ameneyo ndi ife, kapena tikhala ife posachedwa.

Ndipo taonani liwu limene timasankha. Tsegulani lipoti la bungwe kapena mverani nkhani za Chingerezi pa wailesi: *challenges* zokhazokha. Kusowa mankhwala ndi *challenge*. Ana kuphunzirira pansi pa mtengo ndi *challenge*. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza ndi sopo n'kuuluka, liwu lidali lomwelo. Mu Malichi 2024 boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ambiri olemba adapezanso chitonthozo m'liwu lomweli. Koma njala si mpikisano. Mlimi amene chimanga chake chapserera sanapute aliyense kuti apimane mphamvu. Ukatcha kuvutika kwake *challenge*, wamusandutsa wothamanga, ndipo akagwa zimaoneka ngati sanalimbikire. Liwuli limachotsanso funso lofunika lija: kodi wachititsa ndani?

Palinso mawu ena amene a zaumoyo amakonda, akuti *hard-to-reach areas*, kunena midzi yovuta kufikako. Mawuwa sanama, pakuti nthawi ya dzinja misewu yafumbi ya kumapiri imaterera ndipo galimoto zimatitimira. Komabe funsani: yovuta kufikako kwa yani? Wolankhulayo waima ku Lilongwe. Kwa mayi woyembekezera amene ali m'mudzimo, chovuta kufikako ndi chipatala. Mawu amodzi angoika vuto pa mudzi, ngati kuti ndi mudziwo udathawa, pomwe ndi msewu umene sunabwere.

Sindikunena kuti *challenge* ndi liwu loipa. Lili ndi malo ake. Kulemba kafukufuku wa chaka chomaliza ndi *challenge* yeniyeni: udadzisankhira, ikukukulitsa, ndipo ili ndi mapeto. Ndikumvetsanso chifukwa chake anthu amalikonda. Limapatsa chiyembekezo, silikhumudwitsa abwana, ndipo ifenso chikhalidwe chathu n'chozungulira, munthu ali pa mphasa amayankhabe kuti "ndadzuka pang'ono". Koma wodwalayo akamachepetsa ululu wake ndi ulemu. Wolemba lipoti akamachepetsa ululu wa wina ndi nkhani ina.

Pempho langa kwa inu anzanga ndi laling'ono. Musanalembe liwu la Chingerezi lonena za vuto la anthu, yambani mwadzifunsa m'Chichewa: kodi chinthuchi chauma, chalemera, chatopetsa, chathetsa nzeru, kapena chawawa? Mukapeza yankho, sakani liwu la Chingerezi lolemera chimodzimodzi. Ngati ndi *hardship* lembani *hardship*. Ngati ndi *neglect*, kutayirira, musalipake mafuta. Mtanthauziramawu adzakupatsani mndandanda wa mawu ofanana, koma sadzakuuzani loyenera kunyamula nkhani ya anthu a kwanu. Amenewo mukuwadziwa ndinu, ndipo ambiri a iwo lipotilo sadzaliwerenga kuti akutsutseni.