Moto wa Injini, Monga Tinkautchera ku Mandimba

Pamene ndinali mnyamata wosamera ndevu, m'zaka zija mzinda wa Cuamba ukali kutchedwa Nova Freixo ndi Lichinga akali Vila Cabral, amalume anga, amene umakaniko wawo unamveka kuyambira ku Mandimba kufikira ku mishoni ya Massangulo m'dera la Ngauma, ananditenga kuti ndiziwapatsira masipanala. Ndipo mwa zonse zimene ndinaona patsinde pa mtengo wa mango umene unali galaja yawo, palibe chimene chinandilowa mumtima koposa kutchera moto wa injini, kumene abale athu a kutsidya kwa Chiponde amati taimingi.

Tsiku lina inadza Land Rover ya petulo, ya masilinda 4, imene mwini wake anaiika yekha distiribyuta ina, koma poiliza inangophulika ku kabuleta ngati mfuti ya gogodera. Amalume sanamdzudzule. Anamasula pulagi yoyamba, nandiuza kuti nditseke bowolo ndi chala chachikulu, iwo akupukusa injini ndi handulo pang'onopang'ono, ndipo mpweya utayamba kukankha chala changa, ndinafuula kuti, “Ikupuma, amalume!” Apo anapukusabe mwakachetechete kufikira chizindikiro cha pa pule chitalunjika pa kamuvi kake. “Taona, mphwanga,” anatero, “injini izungulira kawiri pamene distiribyuta izungulira kamodzi, chizindikirochi chifika kawiri, ndipo wosamva mpweya apereka moto kwa silinda yachinayi pamene yoyamba ndiyo yanjala.” Mawaya a mapulagi anawabweza mwa dongosolo lake, 1, 3, 4, 2, mawerengedwe amene ndikhoza kuwatchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku.

Chotsala chinali chofuna mtima wofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakati pa mapointi, amene Apwitikizi ankati platinados, anapanikiza kapepala kopyapyala kopichirira fodya, ine ndikukakoka mosamala, iwo akutembenuza distiribyuta ngati munthu wosafuna kudzutsa khanda. Ndipo panthawi imene kapepala kanapulumuka m'kamwa mwa mapointi, pomwepo anamanga bawuti. Woweruza wotsiriza anali khutu, pa zitunda za msewu wa ku Massangulo: injini ikalira ngati timiyala m'chitini, moto wafulumira, ikachita ulesi ndi kutentha, moto wachedwa. Moto wofulumira tinkauopa ndithu, chifukwa handulo ikabwerera m'mbuyo inkathyola dzanja la munthu wamkulu.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itatha mu 1992, anatsanulika magalimoto a ku Japan. Mapointi anayamba kusowa, kenaka distiribyuta yomwe, ndipo lero nthawi ya moto ailamula kompyuta yobisika m'kabokosi. Sindinena zabodza: magalimoto amenewa alira msanga m'chisanu cha mwezi wa Juni, samwa mafuta ambiri, ndipo pa phula la N13 minibasi ya chapa ikufikitsani ku Cuamba dzuwa lisanapendeke, ulendo umene m'dzinja unkatigoneka m'matope. Koma chimene chindiwawa n'chakuti galimoto ikazima pathengo, dalaivala wamakono aima manja ali m'khosi, kudikira mmisiri wa makina oyezera, pamene ife, ndi sipanala, msasa wopalira mapointi ndi kapepala ka fodya, tinkadziombola tokha dzuwa lisanalowe.

Kachitsulo koyezera mpata wa mapointi kamene amalume anandisiyira ndikali nako m'bokosi, ndipo zala zanga, ngakhale zayamba kunjenjemera, sizinaiwale. Inu anyamata a m'magalaja a ku Cuamba ndi Mandimba, Land Rover yakale ikadzafika pakhomo panu musaibweze. Tumani mwana adzatiitane ife otsala, tikuonetseni ntchitoyi tikali ndi maso.